Naspers: momwe nyuzipepa ya Mabunu inalemerera ku China, ndi omwe akugwira chiwongolero chake

Mu Ogasiti 2023 anthu ambiri ku Malawi anadzidzimuka atamva kuti DStv ikuchoka m'dzikomo. Mkangano unayambira pa mitengo. Bungwe la boma loyang'anira mawailesi ndi mafoni la MACRA linkati MultiChoice Malawi singakweze ndalama zomwe anthu amalipira pamwezi popanda chilolezo chake. MultiChoice Malawi inkayankha kuti woika mitengo si iyo: ntchito yake n'kutolera ndalama ndi kuthandiza makasitomala, koma mwini DStv ndi kampani ina ya kunja, MultiChoice Africa Holdings. Nkhani inakafika kukhothi, ndipo pofika Disembala chaka chomwecho DStv inabwerera.

Okonda mpira anangopumira m'mwamba n'kuiwala. Koma mkanganowo unaonetsa poyera momwe makampani akuluakulu a zofalitsa nkhani amamangidwira masiku ano. Dzina lolembedwa pa dikoda ndi lina, wolandira ndalama pa kauntala ndi wina, wolamula zenizeni ali kutali. Pamwamba pa zonse pamakhala kampani yomwe payokha sigulitsa kanthu kwa inu ndi ine. Chuma chake ndi masheya a makampani ena. Mu Africa muno palibe yomwe inafika patali pa kamangidwe kotere kuposa Naspers ya ku Cape Town, yomwe inabala DStv. Mbiri yake imaphunzitsa chinthu chimodzi chomwe ambiri amachilumpha: funso loti "mwini kampani ndani?" limakhala ndi mayankho awiri. Pali yemwe amadya phindu, pali yemwe amagwira mavoti. Ku Naspers anthu awiriwa si amodzi.

Kampaniyi inabadwa mu Meyi 1915, dzina lake likali De Nationale Pers. Panali patangopita zaka 13 Mabunu atagonja kwa Angelezi pa nkhondo ya 1899 mpaka 1902, ndipo nyuzipepa zazikulu, migodi ndi mabanki zinali m'manja mwa olankhula Chingelezi. Gulu la akuluakulu a ku Stellenbosch ndi Cape Town linafuna nyuzipepa yolankhulira anthu awo komanso chipani chatsopano cha National Party, chomwe J.B.M. Hertzog anali atayambitsa mu 1914. Ndalama zambiri zoyambira zinachokera kwa Jannie Marais, mlimi wa ku Stellenbosch yemwe analemerera pa dayamondi wa ku Kimberley. Pa 26 Julayi 1915 nyuzipepa ya De Burger, yomwe pambuyo pake inadzakhala Die Burger, inatuluka koyamba. Mkonzi wake anali D.F. Malan, mbusa wa mpingo wa Dutch Reformed yemwe anasiya gome kuti adzagwire cholembera.

Malan yemweyu ndi amene anapambana chisankho cha 1948 n'kukhala nduna yaikulu yomwe inakhazikitsa ulamuliro wa tsankho m'malamulo a South Africa. Palibe chifukwa chozungulira apa. Kwa zaka zambirimbiri Die Burger inali pakamwa pa National Party m'chigawo cha Cape, ndipo P.W. Botha, asanakhale mtsogoleri wa dzikolo, anakhalapo m'bodi ya kampaniyi. Bizinesi nayo inkayenda: magazini ya Huisgenoot inayamba mu 1916, kenaka kunabwera mabuku a sukulu ndi makampani osindikiza mabuku, nyuzipepa ya Lamulungu ya Rapport mu 1970, ndi Beeld ya ku Johannesburg mu 1974. Mu 1984 anagulanso Drum ndi City Press, zomwe ankawerenga anthu akuda. Ndale zinali za tsankho, koma ndalama ya munthu wakuda sankaikana.

Tsankho litatha, komishoni ya choonadi ndi chiyanjano yomwe ankaitsogolera Desmond Tutu inaitana makampani a nyuzipepa mu 1997 kuti adzafotokoze mbali yomwe anatengapo. Akuluakulu a Nasionale Pers, monga momwe kampaniyi inkatchulidwira panthawiyo, anakana kupita. Atolankhani ake 127 ndiwo anadzilembera okha ku komishoniyo, aliyense m'dzina lake, kuvomera kuti ntchito yawo inathandiza kuchirikiza tsankho. Kupepesa kwa kampani kunadikira mpaka 2015, pa chikondwerero cha zaka 100, pomwe Esmaré Weideman, yemwe panthawiyo ankatsogolera nthambi ya nyuzipepa ya Media24, anapepesa pagulu. Zaka 18 n'zambiri kuti munthu apeze mawu oti "tinalakwa."

Chomwe chinachotsa kampaniyi pa mapepala chinali mantha a njala. Wailesi ya kanema inachedwa kufika ku South Africa. Wailesi ya boma ya SABC inayamba kuonetsa mu 1976, ndipo itayamba kulandira zotsatsa malonda mu 1978, ndalama zomwe zinkapita ku nyuzipepa zinayamba kuthawira ku kanema. Nthawi imeneyo Koos Bekker, mnyamata wokulira pa famu yemwe anaphunzira zamalamulo, anali ku Columbia University ku New York komwe anachita chidwi ndi kanema wolipira wa mtundu wa HBO. Anabwera ndi ganizolo kwa Ton Vosloo, mkulu wa Nasionale Pers. Boma linapereka chiphaso kwa gulu la makampani a nyuzipepa lotsogoleredwa ndi Nasionale Pers, koma linaika lamulo loti kanemayo asamaulutse nkhani. M-Net inayamba mu Okutobala 1986.

Nzeru ya bizinesiyi inali pa kabokosi kaja ka dikoda. Zithunzi zimaulutsidwa zitasokonezedwa, ndipo kabokosi kokha ndiko kamazimasula, bola mwalipira. Mwezi ukatha osalipira, chithunzi chimazima popanda munthu kubwera pakhomo panu. Nyuzipepa imafunika kuigulitsanso m'mawa uliwonse, pomwe wolipira kanema amabwera yekha mwezi ndi mwezi, makamaka ngati mpira wa ku England uli kwa inu nokha. Kuchokera ku M-Net kunatuluka SuperSport ndi MultiChoice, ndipo mu 1995 DStv inayamba kuulutsa kudzera pa setilaiti, kufikira maiko ambiri a mu Africa. Pomwe Television Malawi inkatsegulidwa mu 1999, DStv inali itatha kale zaka zoposa zitatu. GOtv, yotsika mtengo, inayambira ku Zambia mu 2011. Kwa zaka zambiri ndalama za olipira DStv, kuphatikizapo makwacha a ku Lilongwe ndi ku Lusaka, ndizo zinkapatsa Naspers mphamvu zokayesera mwayi kwina.

Mu 1994 kampaniyi inalowa pa msika wa masheya wa Johannesburg. Mu 1997 Bekker anakhala mkulu wake, ndipo mu 1998 dzina linafupikitsidwa kukhala Naspers. Bekker anapangana ndi bodi kuti asamalandire malipiro a pamwezi kapena bonasi. Mphotho yake ikhale mwayi wogula masheya. Anthu amakonda kuitchula nkhaniyi ngati kudzichepetsa, koma inamusandutsa mmodzi mwa anthu olemera kwambiri ku South Africa.

Tsono nkhani ya Tencent, kampani ya intaneti ya ku China. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 Naspers inathira ndalama m'mabizinesi angapo a intaneti, kwawo ndi ku Asia, ndipo ambiri analowa m'madzi pomwe masheya a makampani a intaneti anagwa padziko lonse mu 2000. Mkati mwa chipwirikiticho, anthu a nthambi yake ya MIH ku China, mmodzi mwa iwo David Wallerstein, anaona kuti achinyamata m'malo olipira intaneti ankacheza pa pulogalamu imodzi yotumizirana mauthenga, yomwe inadzadziwika kuti QQ. Eni ake anali kakampani ka ku Shenzhen komwe Ma Huateng ndi anzake anayambitsa mu 1998. Ogwiritsa ntchito anali mamiliyoni, koma phindu kunalibe, ndipo munthu aliyense watsopano wolowa pa QQ ankangowonjezera ndalama zogulira makina. Omwe anaikamo ndalama poyamba, PCCW ya ku Hong Kong ndi IDG ya ku America, anali okonzeka kugulitsa. Mu 2001 Naspers inagula 46.5 peresenti ya Tencent pa madola pafupifupi 32 miliyoni.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tencent inalowa pa msika wa masheya wa Hong Kong mu 2004, inakula pa magemu a pa intaneti, ndipo mu 2011 inatulutsa WeChat, yomwe anthu a ku China amachezerapo, kulipirira katundu, kuitanitsa galimoto ndi zina zosawerengeka. Gawo la Naspers linatsika kufika pafupifupi limodzi mwa magawo atatu chifukwa cha masheya atsopano, koma kumayambiriro kwa 2018 gawolo linali la madola pafupifupi 175 biliyoni.

Ena amati unali mwayi chabe. Ine ndimaona kuti mwayi unalipo pogula, koma luso linali pa zinthu ziwiri zomwe Naspers sinachite. Sinalowerere kayendetsedwe ka Tencent; inasiya Ma Huateng ndi anzake kuti aziyendetsa okha, iyo n'kungokhala ndi mipando m'bodi. Komanso sinagulitse. Kwa zaka 17 mtengo unkakwera, alangizi ankati tapaniko phindu, koma inangogwira. Inagulitsako koyamba mu Malichi 2018, ndipo 2 peresenti yokha inabweretsa madola 9.8 biliyoni.

Pofunafuna Tencent wachiwiri, Naspers inayendayenda dziko lonse. Inagula gawo la Abril ku Brazil mu 2006, kenaka la Mail.ru ku Russia, Allegro ku Poland mu 2008, OLX yogulitsirana katundu pa intaneti mu 2010, kenaka Flipkart ndi Swiggy ku India, Avito ku Russia, iFood ku Brazil, Delivery Hero ku Germany, ndi kampani yolipirira pa intaneti ya PayU. Zina zinapindula: Allegro inagulitsidwa madola 3.25 biliyoni mu 2016, ndipo gawo la mu Flipkart linapita kwa Walmart mu 2018 pa madola 2.2 biliyoni. Zina zinapsa, monga ndalama zomwe zinathiridwa mu kampani ya maphunziro ya Byju's ku India, zomwe mu 2024 zinawerengedwa kuti zatayika zonse. Avito inagulitsidwa mu 2022 nkhondo ya ku Ukraine itayamba. Tencent wachiwiri sanapezeke.

Ndipo chuma cha Tencent chinabala vuto lodabwitsa. Mukatenga mtengo wa masheya onse a Naspers pa msika wa Johannesburg n'kuyerekeza ndi mtengo wa gawo lake la mu Tencent pa msika wa Hong Kong, Naspers yonse inkatsika mtengo kuposa gawolo, nthawi zina ndi 40 peresenti kapena kupitirira. Zili ngati munthu akugulitsa khola lonse, mbuzi ndi nkhosa zili momwemo, pa mtengo wochepera wa ng'ombe imodzi yomwe ili m'kholamo. Msika unkanena mosabisa kuti DStv, nyuzipepa, OLX ndi zonse zija, pamodzi ndi akuluakulu oziyendetsa, zikuchotsera mtengo m'malo mowonjezera.

Zifukwa zinalipo zingapo. Mabizinesi atsopano aja ankadya ndalama chaka ndi chaka. Ogula masheya ankaopanso kuti phindu la Tencent lizingothiridwa m'zoyesayesa zomwe iwo sangathe kuziletsa. Koma chifukwa chomwe akuluakulu a Naspers ankatsindika chinali kukula kwa kampaniyo pa msika wa kwawo. Inafika potenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mulingo womwe osunga ndalama za anthu ku South Africa amayendera. Osunga ndalama za penshoni ndi za anthu wamba ali ndi malire a ndalama zomwe angaike pa kampani imodzi, choncho Naspers ikakwera, iwo ankakakamizika kugulitsako masheya ake, n'kuigwetsanso mtengo.

Mankhwala oyamba anali kugawa. Bob van Dijk wa ku Netherlands, yemwe analowa m'malo mwa Bekker mu 2014 (Bekker anabwerera ngati wapampando wa bodi mu 2015), anatsogolera ntchito ziwiri mu 2019. Mu Febuluwale, MultiChoice inapatulidwa n'kukhala kampani yoima payokha pa msika wa Johannesburg, masheya ake n'kugawidwa kwa eni masheya a Naspers. Mu Seputembala, katundu yense wa intaneti wa kunja kwa South Africa, kuphatikizapo gawo la mu Tencent, anaikidwa mu kampani yatsopano yotchedwa Prosus pa msika wa Amsterdam, Naspers n'kusunga pafupifupi magawo atatu mwa anayi.

Mtengo sunachire. M'malo mwake kuchotsera kunakhala kuwiri: Prosus inkatsika poyerekeza ndi Tencent, Naspers n'kutsikanso poyerekeza ndi Prosus. Mu 2021 anayesa china chomwe ngakhale akatswiri a zamasheya chinawazunguza mutu. Prosus inasinthanitsa masheya ake ndi a Naspers mpaka inakhala ndi pafupifupi theka la masheya a kholo lake, pomwe khololo linali likulamulirabe Prosus. Ndalama zikachoka ku Prosus kupita ku Naspers, gawo lina linkayenera kubwereranso ku Prosus. Osunga ndalama ambiri ku South Africa anadandaula poyera, ndipo mu Seputembala 2023 dongosololo linathetsedwa. Van Dijk anatula pansi udindo mwezi womwewo. Chomwe chinathandizako ndi njira yosavuta yomwe inayamba mu Juni 2022: kugulitsa masheya a Tencent pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, ndalamazo n'kumagulira masheya a Prosus ndi Naspers omwe ali otsika mtengo. Gawo la mu Tencent latsika mpaka kuchepera limodzi mwa magawo anayi. Kuyambira Julayi 2024 mkulu wa makampani onse awiri ndi Fabricio Bloisi wa ku Brazil, yemwe ankayendetsa kampani yoperekera chakudya ya iFood, ndipo mu 2025 Prosus inagula kampani ina yoperekera chakudya, Just Eat Takeaway ya ku Amsterdam, pa mayuro 4.1 biliyoni.

Choncho amene akuganiza kuti ndalama zake za DStv zikupitabe ku Naspers watsalira zaka zingapo. Ubale unatha mu 2019. MultiChoice itaima payokha, Canal+ ya ku France inayamba kugula masheya ake pang'onopang'ono, mu 2024 n'kupereka marandi 125 pa sheya iliyonse yotsala, ndipo mu Seputembala 2025 inatenga ulamuliro. Mwini masheya wamkulu wa Canal+ ndi gulu la banja la Bolloré. Zomwe zinatsala m'manja mwa Naspers ku South Africa ndi zomwe abale athu a ku Joni amazidziwa bwino: Takealot, Mr D, Property24, AutoTrader ndi Media24, mwini News24.

Tifike pa funso la mwini. Tencent ili ndi Prosus ngati mwini masheya wamkulu. Prosus ili pansi pa Naspers, yomwe pa chuma ili ndi pafupifupi 43 peresenti yokha koma pa mavoti ili ndi ochuluka oti n'kulamulira. Nanga Naspers ili pansi pa yani?

Masheya ake ali mitundu iwiri. Omwe amagulitsidwa pa msika wa Johannesburg amatchedwa N, ndipo iliyonse ili ndi voti imodzi. Eni ake ndi makampani osunga ndalama a ku South Africa ndi a kunja, ndipo wamkulu mwa iwo kwa nthawi yaitali wakhala Public Investment Corporation, yomwe imasunga penshoni za ogwira ntchito m'boma la South Africa. Apa pali chinthu chosangalatsa: mphunzitsi kapena namwino wakuda wa ku Soweto, kudzera m'penshoni yake, amadya nawo phindu la kampani yomwe inayamba ngati pakamwa pa tsankho, ndipo phindulo likuchokera kwa achinyamata osewera magemu ku Shenzhen ndi Chengdu.

Mtundu wachiwiri ndi masheya a A. Awa sagulitsidwa pa msika, amalandira gawo laling'ono la phindu, osapitirira limodzi mwa magawo asanu a zomwe sheya ya N imalandira, koma iliyonse ili ndi mavoti 1,000. Tiwerengere pamodzi ndi momwe zinthu zinalili cha m'ma 2018. Masheya a N anali oposa 430 miliyoni, kutanthauza mavoti oposa 430 miliyoni. Masheya a A sankakwana 1 miliyoni, koma kuchulukitsa ndi 1,000 ankapereka mavoti oposa 900 miliyoni, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mavoti onse. Ambiri mwa masheya a A ali m'manja mwa makampani awiri omwe sali pa msika wa Johannesburg, Naspers Beleggings ndi Keeromstraat 30 Beleggings. Yachiwiriyi inatenga dzina ku adiresi yakale ya Die Burger ku Cape Town. Awiriwa akaphatikizana ali ndi mavoti oposa theka. Palinso kampani yachitatu, Wheatfields 221, momwe muli Bekker ndi mnzake wa nthawi ya M-Net, Cobus Stofberg. M'mabodi a timakampani timeneti mwakhala mukupezeka anthu omwewo a m'bodi ya Naspers, akale ndi atsopano.

Tanthauzo lake n'lakuti ngakhale eni masheya a N onse atagwirizana kuti achotse bodi, kapena wina wa ndalama zambiri atagula masheya onse a pa msika, sangalande kampaniyo popanda timakampani tija kulola. Zaka zina eni masheya a N ambiri anavota kukana malipiro a akuluakulu, koma mavoti a A ankapambanitsa zomwe bodi yafuna.

Naspers imateteza dongosololi ndi mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yoti kampani ya nyuzipepa iyenera kutetezedwa kwa andale kapena anthu achuma omwe angaigule kuti aitseke pakamwa. Yachiwiri ndi yoti maboma ndi anzawo a bizinesi m'maiko ngati China amafuna kudziwa kuti yemwe akugwirizana naye lero ndi yemweyo adzakhalepo mawa. Mfundo yachiwiriyi ili ndi mphamvu. N'zovuta kukhulupirira kuti Naspers ikanagwira Tencent zaka 17 zikanakhala kuti aliyense wofuna phindu la msanga akanatha kuigula n'kuiphwasula. Ndiponso si Naspers yokha. Meta, Alphabet ndi The New York Times nazonso zili ndi masheya a mavoti osiyana, ngakhale kuti ku Meta ndi Alphabet kusiyanako ndi mavoti 10 pa imodzi, osati 1,000.

Mfundo yoyamba ija ndiyo yaonda. Media24 lero ndi kachigawo kakang'ono kwambiri pa chuma cha gulu lonse, moti mu malipoti a pachaka muyenera kufufuza kuti muipeze. Mu Juni 2024 inalengeza kuti isiya kusindikiza nyuzipepa zingapo chifukwa owerenga ndi otsatsa malonda anasamukira pa intaneti, ndipo mu Disembala chaka chomwecho Beeld, Rapport, City Press ndi Daily Sun zinatuluka pa pepala komaliza. Nkhani zawo zinasamukira pa intaneti, zambiri pa News24 ndi Netwerk24, komwe zochuluka zimafuna kulipira pamwezi. Die Burger inapulumuka, ikusindikizidwabe ku Cape Town. Masheya a mavoti 1,000 aja, omwe ankati n'ngotetezera ufulu wa akonzi a nyuzipepa, tsopano ntchito yawo yaikulu n'kusankha anthu omwe agamule za mabiliyoni a Tencent ndi makampani operekera chakudya ku São Paulo, Bengaluru ndi Amsterdam.